Dzina la Pansi pa Kadi

"Werenganinso pamenepo, Pak. Mokweza. Mwina m'makutu mwangamu mwalowa mafuta."

Ibu, mayi anga, anali ataima pakhomo la kukhitchini, dzanja ili supuni yokazingira dzanja ili nyuzipepala, kumbuyoko tempe, ndiwo zathu za soya zija, akupserera koma palibe amene zimamukhudza. Bapak, bambo anga, anali pakauntala atavala magalasi awo ojambulitsira aja. Shopu yathu ya mabuku ndi nyumba yathu ndi chinthu chimodzi, chimasiyanitsa ndi katani basi, nde mkangano ukayamba kukhitchini makasitomala amaumva limodzi ndi fungo la ndiwo.

Bapak analandira nyuziyo, kutsokomola kaye, nkuwerenga. Akuti Pak Harjito wa ku Salatiga, bambo amene amawerenga mitima ya anthu asanawasankhire buku. Pamenepo anakweza mawu mpaka kumsewu. Mzere wotsatirawo anaumeza ngati mpunga wotentha.

"Sindinamve," anatero Ibu.

"Mothandizidwa ndi mkazi wake, amene amakulunga mabukuwo mwaluso."

Abale ine ndinaseka. Sindinafune, chinangotulukira m'mphuno kkkk, chifukwa pachithunzipo Bapak agwira chibuku chonenepa atatsinzina pang'ono ngati munthu wozama, pomwe bukulo ndi limene timaimikira chitseko kukakhala mphepo. Ibu anangondiyang'ana kamodzi, kuseka konse nkubwerera m'mimba.

"Seka ndithu, Nduk, mtsikana wanga. Si iwe unamuuza mtolankhaniyo?"

Zoona ndinali ine. Tsiku limenelo Ibu anali kumsika, mtolankhani nkufunsa kuti nanga mayi a pakhomo pano amachita chani, Bapak nkundiyang'ana pamwamba pa magalasi, ine nkuyankha kuti amakulunga. Ndimayesa zocheza. Sindimadziwa kuti anthu aja amalemba chilichonse.

Zimayenda chonchi pakwathu. Munthu amalembetsa, nde mwezi uliwonse amatitumizira kalata kapena uthenga pafoni kunena zimene zikumuchitikira, ife nkumutumizira buku limodzi lomuyenera iye yekhayo, pamodzi ndi kadi yolemba pamanja. Alipo anthu 86, ena mpaka ku Makassar. Makalatawo amawerenga ndi Ibu. Mabukuwo amawerenga ndi Ibu, ali chiimire, dzanja lina likutembenuza za m'chiwaya. Makadi amalemba ndi Ibu patebulo la kukhitchini, akamaliza pansi pake nkusaina kuti Harjito. Bapak ntchito yawo nkunyamula maphukusi panjinga yamoto kukasiya kwa otumiza katundu, komanso kucheza. Kuchezako amatha, ndisaname, munthu wolowa kudzafunsa njira amatuluka ndi mabuku awiri. Koma iwowo akatsegula buku, tsamba lachitatu mkonono.

Bude Sarmi, achemwali awo a Bapak, anali atafika kale m'mawa ndi keke komanso fulemu yoikamo nyuziyo. Nde ataona kuti mlongo wawo wapanikizika analowererapo, keke ali m'kamwa.

"Dik, mng'ono wanga, wakulakwira chani mlongo wangayu? Iwe si Bu Harjito, Mayi Harjito? Mumsewu muno ndani amakuitana mwina? Dzina la mwamuna ndi denga, mvula ikagwa nonse mumabisala momwemo. Akatama denga atama nyumba yonse."

"Mutu umodzi susenza denga, Mbakyu, akulu anga," anatero Ibu. "Tawerengani mitu pachithunzipo, ilipo ingati?"

Bude anati mkazi wanzeru sawerenga mitu, amawerenga madalitso. Anati iwo akhala zaka makumi atatu akutchedwa dzina la amuna awo ndipo sanadwalepo nalo. Ibu anati nkhani si kudwala. Bapak nawo anayamba zawo, akuti anthu anazolowera Pak Harjito, kusintha dzina tsopano kuli ngati kusintha msuzi wa soto anthu ali pamzere, akuti alipo azibambo ena olembetsa amene sangaulule zakukhosi atadziwa kuti akuwerenga ndi mzimayi.

"Akhala akuulula zaka zinayi," anatero Ibu.

"Koma Bu," anatero Bapak, "dzina nchiyani? Chachikulu si choti anthu akusangalala?"

"Ngati dzina si kanthu, ndipatseni."

Ngakhale Bude anasiya kutafuna.

Ibu anazimitsa moto, kulowa kuchipinda, nkutuluka akukoka sutikesi ya buluu ija imakhala pamwamba pa kabati. Anaiika pafupi ndi katani, poti aliyense wodutsa aziipunthwa. Ananena motsitsa kwambiri kuti makadi a mwezi uno atuluke ndi dzina lawo, apo ayi mwezi ukangotha akwera basi kupita kwa akulu awo ku Pekalongan, amene akhala akuwaitana kuti akawathandize zosoka. Ndipo kuti kufikira tsiku limenelo iwo ndi wokulunga, monga yalembera nyuzi.

Ibu saopseza. Anatiuzapo kamodzi kuti tikasiyanso nsapato pakhomo azitaya, mpaka lero nsapato yanga yakumanzere sindidziwa ili kuti.

Bapak anangoseka nkuuza Bude kuti mkwiyo wa mkazi ndi mvula ya masana, ikata yokha.

Nde kukulunga kuja kunayamba abale. Ibu anakulunga. Chakudya cha Bapak chamasana chimabwera pakauntala chili m'pepala la bulauni, chingwe chomanga bwinobwino. Magalasi aja anawapeza atakulungidwa. Limoti ya TV. Makiyi a njinga yamoto. Tsiku lina Bapak akutuluka kubafa anapeza masilipasi awo ali m'maphukusi awiri, lililonse ndi kamfundo kake pamwamba kkkk ine ndinachita kukhala pansi. Bapak amamasula nkhope ili gwa, kenako nkupinda pepalalo bwinobwino poti ndi munthu wosataya zinthu, Ibu nkulitenga kukulungira china.

Zinali zoseketsa mpaka tsiku limene ndinaona kuti sutikesi ija yayamba kulemera. Ndinaikankha ndi phazi, sinasunthe.

Sabata yachiwiri inali yosankha mabuku. Bapak anavala malaya a batiki, anaika mauthenga a mwezi uno patebulo ndi mafomu amene anthu anadzaza polembetsa, nkuyamba. Ndinawauza kuti makalata onse akale ali m'chitini cha mabisiketi kukhitchini, Ibu amayamba ayang'ana mmenemo asanasankhe. Bapak anati sakapempha chitini kwa munthu amene akuwakulungira masilipasi, ndiponso tsabola wakale sawawa, munthu umamuthandiza pa vuto la lero.

Mayi wina analemba kuti tulo sakupeza. Bapak anamusankhira buku la malamulo a msonkho, akuti ameneyu agona. Bambo wina wopuma pantchito analemba kuti akazi ake akudandaula kuti amangokhala pakhomo, Bapak nkumupatsa buku la kaweteredwe ka milamba mumigolo, akuti akhala panja. Mtsikana wina analephera mayeso olowera kuyunivesite ndipo analemba kuti sakufuna kumvanso mawu oti mayeso. Mukudziwa anamusankhira chani? Njira makumi asanu zokhozera mayeso. Ndinati Pak, walemba kuti sakufuna. Anati wodwala sasankha mankhwala.

Amasankha poyang'ana chikuto ndi kuwerenga mizere iwiri ya kumbuyo. Pofika masana anali atatha anthu makumi anayi nkumadabwa kuti Ibu amatenga bwanji masabata atatu pa kantchito kotere. Ibu amadutsa ndi tiyi, kuyang'ana mulu wa mabuku, kuyang'ana mayina, nkumangoti hm. Hm ameneyo ndimamuopa kuposa kukalipa.

Vuto linabwera pa makadi. Zolemba za Bapak zili ngati nkhuku yapalasa pamatope, ndipo anthu anazolowera zilembo za Ibu zozungulira, zopendekera kumanja. Bapak anayesa makadi atatu nkung'amba onse. Kenako anandiitana ndi mawu aja amagulitsira mabuku.

"Kinanthi mwana wanga, kalata ija yopempha kuti usapite kusukulu chaka chatha, ya zilembo za amayi ako koma iwo osaikumbukira, analemba ndani?"

Ndinati sindikudziwa. Anati iwo akudziwa, ndipo anakhala chete chaka chonse chifukwa luso silikalipiridwa, limadikira tsiku lake. Anati ine ndili ndi dzanja la mlembi. Bude, amene masiku amenewo amabwera tsiku lililonse ngati wolondera, anawonjezera kuti mwana wamkazi ndi ndodo ya bambo ake, ndipo chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Ndinavomera. Ndisabise, zinandikomera. Anthu 86 kuwerenga zolemba zanga, mpaka ku Makassar. Ndinakhala patebulo la kukhitchini nkumayeserera, chilembo chilichonse kuchipendeketsa, ndipo zimatuluka ndendende moti ndimadziseka ndekha. Ibu anabwera kumbuyo kwanga akusenda anyezi, anayang'ana nthawi yaitali.

"Watha bwino," anatero.

Ndinamwetulira ngati chitsiru.

"Inenso ndinayamba chonchi, Nduk. Patebulo lomweli. Bambo ako anati kadi imodzi yokha, poti dzanja langa ndi labwino."

Sanandiletse. Ndikanakonda akanandilanda cholembera, akanandikalipira, chilichonse. Anangopitiriza kusenda anyezi wawo, ine nkumadziuza kuti m'masomu ndi anyeziyo.

Sabata yachitatu kwa aneba athu kunali ukwati, nde Ibu anapita kukathandiza kuphika masiku atatu monga achitira azimayi onse mumsewu mwathu. Kumeneko sujomba, ukajomba tsiku lako udzaphika wekha. Bapak anati mpata ndi umenewu, titumize zonse wokulunga asanabwere, aone kuti dziko limazungulira popanda iye. Iwo amanena mawu akuyendayenda manja ali kumbuyo, ine ndikulemba, Bude akumata.

Tinafika pa dzina la Bu Lidwina wa ku Ambarawa. Uthenga wawo unali waufupi. Akuti mwezi uno ndikuona ngati ndakonzeka kuwerenga za ulendo. Bapak anadumpha, anakatenga buku la chikuto chowala, mnyamata ali panjinga yamoto tsitsi likuuluka, kumbuyo kwake nyanja. Kenako anayang'ana fomu yawo yolembetsera, ya zaka zitatu zapitazo, nkuona poti ana, mmodzi, wamwamuna.

"Lemba. Bu Lidwina, ulendo wabwino umakoma ndi mnzako. Mukamaliza mumupatse mwana wanu awerenge, anyamata ndi njinga simungawalekanitse."

Ndinalemba. Ndinakometsa kwabasi, pansi nkusaina Harjito ndi kamchira kaja Ibu amaika. Madzulo ake Bapak anakweza maphukusi onse panjinga, maulendo atatu, akuimba mluzu.

Ibu anabwera tsiku lachitatu madzulo, mapazi atatupa, atanyamula zotsala za kuukwati. Anapeza mndandanda wa mayina ndi mabuku patebulo. Amawerenga ali chiimire akutafuna kanthu. Pa malamulo a msonkho anati hm. Pa milamba anatsala pang'ono kuseka, ndinawaona. Kenako chala chinaima.

"Buku ili mwatumiza kwa ndani?"

Ndinawauza. Anafunsa za pakadi. Ndinawauza mawu onse poti ndimawakumbukira, ndimanyadira nawo.

Ibu anakhala pansi. Osati pampando, pansi penipeni pa simenti.

"Mwana wawo anamwalira, Nduk. Zaka ziwiri zapitazo, panjinga yamoto, pamsewu wa ku Bawen. Ndipo mnyamata wa m'bukumo amafa kumapeto. Pamsewu."

Sindinasekenso sabata imeneyo.

Tinaimbira otumiza katundu, anati phukusi linafika dzulo, analandira ndi mwini wake. Ibu anakatenga chitini cha mabisiketi nkuchikhuthulira pamaso pa Bapak. Makalata a Bu Lidwina anali omangidwa ndi labala, pamwamba pake kapepala ka Ibu, kolemba kuti njinga ayi, ngozi ayi, mwana wamwamuna ayi, mwezi wa Ogasiti ndakatulo zokha. Zaka ziwiri akuwayendetsa pang'onopang'ono ngati munthu wothyoka mwendo. Aka kanali koyamba kuti apemphe za ulendo chimwalirire mwana wawo.

"Ndikanadziwa bwanji?" anatero Bapak, mawu ali pansi.

"Chitini chili pano zaka zinayi, Pak. Kuchokera pakauntala panu kufika pano ndi mapazi asanu ndi awiri. Ndinawerenga."

Ibu anati Bapak apite ku Ambarawa mawa lomwelo akapepese. Bapak anati akapita akanena chani, mwina mayiwo sanaitsegule kadiyo, mwina ndibwino kudikira kaye mtima wawo uzizire, atumiza uthenga. Mawa lake anati Lachinayi. Lachinayi anati njinga ikumveka mwachilendo. Ibu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, Bapak anati nanga bwanji osapita iwowo poti ndi amene amawadziwa.

"Ndikagogoda ndikanena kuti ndine ndani? Wokulunga?"

Ibu analemba kadi yopepesa, yodzaza mbali zonse ziwiri. Atafika pansi cholembera chinaima. Kadiyo inakhala patebulo masiku atatu yopanda dzina, tikudya moizungulira. Sutikesi inali itatsekedwa kale zipi, ndipo tikiti ya basi ya Lolemba inali pachitseko cha filiji.

Pakati pa zonsezi Bude sanasinthe pulogalamu. Loweruka m'mawa anaitana aneba kudzaona kupachikidwa kwa fulemu, anaphikitsa mpunga wachikasu, anabwereka mipando. Ibu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, nkulowa kukhitchini kukakazinga anyezi wothira pamwamba, poti ngakhale atakwiya bwanji sangalole alendo kudya mpunga wosakoma m'nyumba mwawo.

Bapak anali pampando atagwira hamala, msomali uli pakamwa, pamene pakhomo panaima mayi wamfupi wa imvi, atavala juzi yotuwa, kachikwama kapulasitiki m'manja. Sanali wa mumsewu mwathu. Anapereka moni kwa onse mwaulemu, nkufunsa kuti Pak Harjito ndi ati.

Bude anawaloza monyadira, nkuuza aneba kuti mwaona, anthu akuchokera kutali. Bapak anatsika, kulavula msomali m'dzanja.

"Ndine Lidwina, wa ku Ambarawa."

Mayiwo anapita pakauntala, anasuntha mbale ya keke, nkuyamba kutulutsa makadi m'kachikwama muja. Amawayala imodzi imodzi ngati munthu wogulitsa. Atatha anatulutsa buku la njinga lija, kadi yanga nkuiika payokha pambali.

"Sindinabwere kudzakangana, Pak. Ndakwera basi kuti ndidzangoona nkhope. Munthu amene anandilembera awa ndimamudziwa, wandidyetsa ngati khanda zaka ziwiri. Ndimafuna ndione kuti munthu yemweyo angalembe bwanji iyi."

Bapak anayamba bwino, mukudziwa pakamwa pawo. Anati pepani kwambiri Bu, ntchito inachuluka, anthu ndi ambiri, nthawi zina mapepala amasokonekera. Bu Lidwina amangogwedeza mutu. Atatha anafunsa funso limodzi.

"Mwana wanga dzina lake anali ndani, Pak?"

Bapak anatsegula pakamwa. Anayang'ana makadi, anayang'ana Bude, anayang'ana hamala. Aneba onse mbale zili m'manja, palibe wotafuna. Bude anayesa kunena kuti mlongo wawo ali ndi anthu ambiri m'mutu, Bu Lidwina osawayang'ana nkomwe.

"Ndinalitchula m'makalata khumi ndi anayi. Inu munandiyankha mukulitchula."

Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangomva mawu anga akunena kuti kadi imeneyo ndinalemba ndine Bu, ndinakopera dzanja, Bapak amanena mawu ine ndikulemba, sitinawerenge bukulo, sitinatsegule chitini. Ndinalira moipa, mamina ndi zonse, pamaso pa anthu a mumsewu wonse. Bude anandikoka malaya kuti ndikhale pansi, ndinakana.

"Wakopera dzanja la ndani, Nduk?" anandifunsa Bu Lidwina mofatsa.

Katani inasuntha. Ibu anatuluka ndi epuloni yawo ya madontho, manja onyezimira mafuta.

"Yosef," anatero. "Yosef Wibisono. Amadya mpunga wokazinga wopanda dzira, ndipo amakusiyirani nsapato pakhomo ngati uyu wanga."

Bu Lidwina anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anatenga kadi imodzi yakale, nkuinunkhiza. Zoona, anainunkhiza.

"Ndimadabwa," anatero. "Bambo wanji amene makadi ake onse amanunkhira anyezi wokazinga. Iyi ili ndi chala cha mafuta pakona. Yomalizayi yokha ndi imene sinanunkhe kanthu."

Mwa aneba wina anaseka nkudzigwira pakamwa. Ine ndinaseka ndikulira, zinatuluka ngati kutsamwa. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, zoonadi.

Ibu anawagwira manja onse awiri nkupepesa, anati akanayenera kuima pakhomo kuti phukusi lisatuluke, koma anali otanganidwa ndi mkwiyo wawo. Bu Lidwina anati bukulo analiwerenga lonse, poti amakhulupirira dzanja limene linawatumizira, amayesa kuti pali chifukwa. Anafika nalo mpaka tsamba lomaliza. Pamenepo Bapak anakhala pampando uja amaponda, magalasi nkuvula.

"Dzina lanu ndani, Bu?" Bu Lidwina anafunsa Ibu.

"Bu Harjito," anayankha Ibu, mosaganiza nkomwe, mmene amayankhira tsiku lililonse.

"Limenelo ndili nalo kale, taonani, makadi onsewa. Ndikufunsa lanu."

Ibu anapisa dzanja m'thumba la epuloni ngati akulifufuza mmenemo.

"Wuryanti."

Ibu anawatengera kukhitchini, katani nkutseka. Anakhalako maola awiri. Aneba anadya mwakachetechete nkumazemba mmodzi mmodzi, fulemu ili chitsamire pakhoma pansi. Bude anauza Bapak kuti asadandaule, anthu amaiwala, sabata yamawa kudzakhala nkhani ina. Bapak anati Mbakyu, pitani kaye kunyumba. Bude anapita ndi keke wawo yemwe.

Atatuluka, Bu Lidwina anatolera makadi awo onse kupatula yanga ija. Bapak anaimirira, anawerama kwambiri, anati alibe mawu. Mayiwo anati zimenezo nzabwino, ayambire pamenepo. Ngati apitirize kulembetsa sananene.

Lamulungu Bapak anatenga makadi 85, anakhala patebulo la kukhitchini, malo a Ibu, nkuyamba kulembera aliyense ndi dzanja lawo la nkhuku lija. Kunena kuti mabuku onse abwino amene analandira anasankha ndi mkazi wawo Wuryanti, kuti la mwezi uno lokha ndi limene anasankha iwo, ndipo amene akufuna abweze. Ndinati ndiwathandize, Ibu anati dzanja langa lipume. Zinawatengera masiku anayi, akudandaula chala. Lolemba linadutsa, tikiti ili pafiliji. Ndinafunsa ngati basi ndiye kuti sakupita, anati tikiti imasinthidwa tsiku.

Si onse anasangalala. Anthu asanu ndi anayi anasiya, bambo wina mpaka kulemba kuti wachita manyazi kuti zinsinsi zake zimawerengedwa ndi mzimayi, ngati kuti mzimayiyo si amene anamupulumutsira banja ndi kabuku ka nkhani zachikondi chaka chatha. Mtsikana wa mayeso uja anabweza buku lake lili m'zidutswa ziwiri. Wa milamba yekha analemba kuti wagula kale migolo itatu ndipo akuthokoza kkkk, Bapak uthenga umenewo amauonetsa aliyense mpaka pano. Bude akuti Ibu anachititsa manyazi mwamuna pagulu ndipo amawaitanabe Bu Harjito mokweza dala.

Kwa Bu Lidwina kunali zii masabata awiri. Ibu amayang'ana foni akukazinga, zinthu nkumapserera. Sutikesi ili pomwe paja.

Lachiwiri lapitali wa positi anaima pakhomo ndi envulopu, thukuta lili kamukamu. Anati wazungulira msewu wonse kawiri, wafunsa kogulitsa soto, wafunsa kokonza njinga, aliyense akuti kuno kulibe munthu wotero. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi Ibu akukhala mumsewu umenewu, akuphika pa maukwati awo onse. Bude anali pakhomo pomwepo, anasuzumira pa envulopuyo nkunena kuti mwasochera bambo, pano ndi pa Harjito.

"Ndi pano," anatero Bapak kuchokera kumashelefu. Anabwera kudzalandira okha. Inali yochokera ku Ambarawa, yonenepa. Anatembenukira kukatani.

"Bu, kalata."

Kukhitchini kunangomveka mafuta.

"Bu."

Mafuta okhaokha. Ine ndimawaona Ibu pampata wa katani, ali chiimire pafupi pomwepo, supuni m'manja, akumva bwinobwino.

Bapak anayang'ana envulopu, anayang'ana Bude, anakonza pakhosi.

"Wuryanti. Kalata yanu."

"Mwati chani, Pak? M'makutu mwangamu muli mafuta."

Anawabwerezetsa katatu abale, kachitatuko mpaka wa soto anamva. Kenako anatuluka, anapukuta manja pa epuloni, nkulandira.

Madzulo ake sutikesi inachoka pakatani, tikiti nayo inachoka pafiliji. Ndinathamangira kuchipinda kukaona ngati amasula zovala. Sanamasule. Ili pansi pa bedi mbali imene amagona Bapak, yokulungidwa m'pepala la bulauni, ndi kamfundo pamwamba.